Mbendera ya Mwana wa Palmira

"Nsapato izo uzisiye," anatero a Vicente. "Kumudzi kulibe kokazivalira."

Yolanda anali atagwada m'chipinda cha amayi ake, akulongedza zovala m'chikwama. Nsapato za mpirazo anali atazikulunga m'chitenje kuti atsibweni akewo asazione, koma mano ake a kunsi anali atatulukira m'mbali. Anazisolola, nkuziika pamiyendo, nkumangoyang'ana khoma. Mutu wake unali wometedwa kumene pamaliro, ndipo a Vicente akamuona chakumbuyo ankangoona Palmira ali mtsikana: khosi lomwelo, mapewa omwewo okana kuwerama.

Palmira, mayi ake a Yolanda, anali mlongo wawo wa a Vicente, wopondana nawo. Ankaphunzitsa pa shikola ya ku Furancungo, ndipo aliyense ankamutchula kuti a Profesora. Koma chimene chinamutchukitsa m'boma lonse la Macanga sichinali choko ayi. Palmira ankaimbira mpira wa amuna, mkazi yekhayekha pakati pa anyamata a ndevu, apitu yoimbira ili kukamwa. Imfa inamupeza akuchokera ku Tsangano kumene anakaimbira masewera. Mota, njinga yamoto, imene anakwera inaterereka pamiyala potsika phiri. Woyendetsa anathyoka mkono, iye anamenyetsa mutu, ndipo pofika naye kuchipatala anali atatsirizika. Anamuika kwawo ku Chidzolomondo, pafupi ndi bambo ake. Mwambo wa kumeta utatha, a Vicente monga mwini mbumba anakwera shapa, kaminibasi, kubwera ku Furancungo kudzatenga katundu wa malemuyo, ndi mwana yemwe.

A Nicolau, amuna ake a Palmira, anali ataima pakhomo la chipindacho. Kwawo kunali ku Tsangano. Anali enfermeru, namwino, pachipatala cha m'taunimo, munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa wodwala.

"Alamu," anatero a Nicolau, "mwanayu ali mu desima klase, kalasi ya khumi. Bwanji amalize kaye chaka chino? Kuchokera kumudzi kwanu kukafika kushikola ndi ulendo wa m'mawa wonse."

"Tituluke," anatero a Vicente. "Nkhani za akuluakulu sizikambidwa pamutu pa mwana."

Anakakhala pakhonde. Inali nyengo yozizira, mphepo ikutsika m'mapiri nkumaulutsa fumbi la mumsewu. A Vicente anamanga mabatani a jekete lawo lakuda, lomwe anavala pamaliro.

"Inu alamu, sindinakuoneni ndi choipa chiyambire," anayamba motero. "Koma taonani. Amayi athu aja ali chigonere, mbali imodzi inafa. Mkazi wanga Adelaide ndiye awatembenuze, awasambitse, aphikire ana, asankhenso fodya. Palmira ankati akapeza mpata nkubwera kudzamupumitsa. Nanga tsopano? Komanso munda wake uja wa kumtsinje, abale ena ayamba kale kuuzungulira ngati ataya kanthu m'menemo. Munda wa mayi umafuna mwana wamkazi aoneke m'menemo. Inu mawa boma likakubwezani kwanu ku Tsangano, mwana wa mbumba yanga adzakhala wa yani?"

A Nicolau anangowerama. Zonsezo zinali zoona, ndipo ankadziwa.

"Palinso china," anatero a Vicente. "Mpira wandidyera mlongo. Sindilola undidyerenso mwana wake."

Mawu amenewo anali asanazizire pamene mota inaima pampanda. Anatsika a Hélio, mkulu wa komisau yoyang'anira mpira m'bomalo, bambo wonenepa wa chipewa cha ubweya. Anapereka moni, nkupepesa malirowo mwaulemu wake wonse, kenako anakhala kumapeto kwa benchi akupinda chipewa chija m'manja.

"Ndabwera ndi nkhani yovuta kuyamba," anatero. "Mawa Lamlungu timu yathu ya Mapiri ikulandira anyamata a ku Tsangano pa kampu, bwalo lathu latsopano lija. Mapiri akagonja, zokasewera ku provinsiya zatha chaka chino. Woyenera kuimbira anali a Profesora, ndipo anali atatiuza kuti Yolanda adzagwire mbendera pamzere, ulendo wake woyamba pampira wa akuluakulu. Maphunziro ake a zoimbira mpira anamaliza, anakhoza bwino. Woimbira wina tamupeza. Koma za mbenderazo tati tisaike munthu tisanamve kunyumba kuno."

"Ikani wina," anatero a Vicente. "Dothi la pamanda silinaume."

"Ndikagwira ine."

Onse anatembenuka. Yolanda anali atagwada pakhomo, manja ali pamaondo.

"Atsibweni, kumudzi ndipita, sindikukana. Agogo ndikawasamalira. Koma amayi anauza kale anthu kuti ndikutha. Akaika wina, anthu adzati amayi ankangondikometsera chifukwa ndine mwana wawo."

"Alamu," anatero a Nicolau chapansipansi, "ndi tsiku limodzi lokha. Lolemba mudzamutenga, ine sindidzaima panjira."

A Vicente anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Akanakhala kuti akulira, akanamukaniza mosavuta. Koma maso ake anali ouma, akudikira yankho.

"Chabwino," anatero. "Koma ndipita nawo. Wina akangomukhudza, ndikamutulutsa m'menemo ndi dzanja langali."

A Vicente anali asanaonererepo mlongo wawo akuimbira mpira. Zimene ankadziwa ndi zimene ankamva kumsika wa fodya ndi kuchigayo, amuna akugwedezana: "A Vicente, mlongo wanu uja tamuona, kabudula kulekeza apa, akuthamangitsana ndi anyamata." Ankaseka nawo, koma pobwerera kunyumba chakudya sichinkatsika. Tsiku lina anamudzudzula Palmira pamaso pa amayi awo. Iye anangoseka nkunena kuti, "Achimwene, bwerani mudzaone kaye, kenako mundikalipire bwino." Sanapite. Kampu imene ankaidziwa iwo inali ija yakale ya kuseri kwa msika, yotsetsereka, ya fumbi, imene nkhumba zinkadutsa pakati masewera ali mkati.

Choncho Lamlungu masana, atatuluka kutchalitchi, pamene anakhota pamsewu wa kumtunda nkuona khoma lalitali lopakidwa zobiriwira ndi zoyera, anaima kaye.

"Ndi imeneyi?" anafunsa.

"Ndi imeneyi," anayankha a Nicolau. "Anamanga alimi a fodya ndi amalonda a m'tauni muno, wina njerwa, wina simenti, wina malata. Yatsegulidwa chaka chomwechino."

Anthu anali atayamba kale kusonkhana, ena pa mota atatuatatu, ena pansi kuchokera kumidzi ya kutali, mawailesi ali m'manja. Amayi ankagulitsa chimanga chootcha ndi nthochi m'mbali mwa khoma. Lole ya ku Tsangano inali itaima pansi pa mtengo, itatuwa mbuu ndi fumbi, ochemerera akutsika akuimba ng'oma. A Hélio anawachingamira pachipata chachitsulo nkuwalowetsera kukhomo la osewera.

Atangolowa, a Vicente anagwira pakamwa. Kunja konse mapiri anali atauma, udzu utafiira kudikira moto, koma m'kati mwa khomalo munali biriwiri ngati dimba la mwezi wa mvula. Bwalo linali losalala, mizere yoyera ili yowongoka bwino. Mbali imodzi kunali bankada ya oonerera yofoleredwa ndi malata, mipando yake yapulasitiki itandandalikana kukwera m'mwamba. M'makona munali mizati italiitali ya magetsi, ndipo kumapeto kunali chikwangwani chowala chosonyeza zigoli.

Asanadziwe chimene akuchita, a Vicente anali atanjuta pamphepete pa bwalolo. Anatsina udzu, nkulowetsa chala m'dothi. Linali lonyowa mpaka pansi.

"Madzi amachokera kuti?"

"Tinakumba mjigo kuseri uko," anatero a Hélio. "Dzuwa ndi limene limapopa. Mapaipi ali pansi, amawaza okha m'mawa."

"Madzi onsewa kuthirira udzu wosadya ngakhale mbuzi," anatero a Vicente akupukusa mutu. "Nazale zingati za fodya zikanamera apa?" Koma dzanja lawo linali likusisitabe udzuwo.

A Hélio anawatengera kunsi kwa bankada. Anawaonetsa zipinda zovalira osewera, zoyala matailosi, madzi osamba akugwa kuchokera kumwamba. Kenako anaima pakachitseko kena kumapeto kwa kanjira. Pachitsekopo panalembedwa ndi utoto wakuda kuti Árbitra, kutanthauza woimbira wamkazi.

"Chipinda ichi papulani panalibe," anatero a Hélio. "Ku kampu yakale ija a Profesora ankavalira kuseri kwa zitenje, amayi awiri atagwira uku ndi uku. Atamva kuti kuno tamanga zipinda za amuna okhaokha, anabwera kuchokera kushikola, choko chili m'manja, nkukhala pamulu wa njerwa. Anati sachoka mpaka amisiri ayeze malo a akazi. Ndinawauza kuti, a Profesora, woimbira wamkazi ndinu nokha m'boma lonse lino. Anati, lero. Dzuwa linapendeka ali pomwepo. Tinayeza."

Anatsegula. Kanali kachipinda kakang'ono: benchi, kalilole, ndi msomali pakhoma. Pamsomalipo panali malaya achikasu amene Palmira ankaimbira mpira. Yolanda analowa, nkutseka chitseko. Amuna atatu aja anatsala panja, aliyense akuyang'ana kwake. Potuluka anali atavala malaya aja, aakulu pang'ono m'mapewa, kabudula wakuda ndi nsapato zake zija, mbendera ili m'dzanja. A Vicente anafuna kunena kanthu za kabudulayo, koma maso awo anagwera pamalayawo. Anangomukonzera kolala imene inapindika.

A Hélio anawakhazika pakati pa bankada, pamipando ya alendo. A Vicente anakhala mowongoka, chipewa pamaondo, akuopa kutsamira kuti mpandowo ungathyoke. Malo onse anadzaza mpaka ana kukwera pakhoma. Matimu atalowa nkundanda pakati, a Hélio analankhula pachimkuzamawu mawu ochepa chabe, nkupempha kuti anthu aime pokumbukira a Profesora.

Khamu lonse lija linaima. Ng'oma za ku Tsangano zinaleka. Kunangoti zii, mpaka kumveka chingwe chikumenya mlongoti wa mbendera ndi chigayo chikulira kutali kumsika. A Vicente anayang'ana uku ndi uku. Amuna a zipewa anali atavula. Mayi wina wogulitsa nthochi anali atatula dengu pansi. Pamaliro ku Chidzolomondo kunabwera anthu ambiri, koma iwo ankayesa kuti abwerera uprofesora. Apa panalibe za shikola.

Apitu inalira, phokoso nkubwerera ngati madzi otsegulidwa.

Malamulo a mpira a Vicente sankawadziwa, ndipo sanavutike nawo. Maso awo anali pa Yolanda yekha. Mwanayo ankathamanga cham'mbali m'mphepete mwa mzere, pafupi ndi bankada yawoyo, nkhope ili kubwalo, osacheukira anthu ngakhale kamodzi. Mpira ukatuluka ankakweza mbendera nkuloza, osewera nkumvera. Amuna aakulu, ena a msinkhu wa bambo ake, ankatola mpira nkukaima pamene iye waloza.

"Akumumvera," anatero a Vicente, ngati akudzilankhulira.

"Palmira ankamudzutsa m'mamawa kukathamanga naye," anatero a Nicolau. "Ine ndinkangomva chitseko."

Kutsogolo kwawo kunakhala mkulu wina wa imvi, atakulunga mpango wobiriwira m'khosi, wokonda Mapiri mpaka misala. Ankadzuka, kukhala, kudzukanso, akulangiza osewera ngati akumumva. Dzina limene linali pakamwa pake nthawi zonse linali la Tiago, kaputeni wa Mapiri, mnyamata wamtali wa miyendo ngati mitengo ya bulugamu, amene ankasewera kutsogolo.

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Atabwerera, anyamata a ku Tsangano anagoletsa ndi mutu, ng'oma zawo nkuyamba kulira ngati kuli ukwati. Chikwangwani chija chinasintha nambala, bankada yonse nkugwa mphwayi. Mapiri anayamba kukankha. Mpira unamenya mtengo wa golo, wina unapita pamwamba. Mkulu wa mpango uja anali atasasa mawu. Dzuwa linayamba kutsikira kumapiri, mthunzi wa bankada nkufika pakati pa bwalo.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, wina anaponya mpira wautali kutsogolo. Tiago anautsatira, nkuuimitsa pachifuwa, nkuumenya. Ukonde unagwedezeka. Kampu yonse inaphulika. Anthu anakumbatirana, zipewa zinauluka, mipando inalira ndi mapazi. Ngakhale a Vicente anapezeka ataimirira.

Kenako anaona Yolanda. Anali ataima njo pamzere, mbendera ili m'mwamba.

Woimbira, mnyamata amene Palmira yemweyo anamuphunzitsa, anayang'ana mbenderayo, nkuliza apitu, nkupukusa dzanja. Chigoli chakanidwa.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa a Vicente.

"Fora de jogo," anatero a Nicolau, nkhope itatuwa. "Tiago anali atadutsa kale otchinga onse mpira usanaponyedwe. Lamulo limakana."

"Anadutsadi?"

"Ine sindinaone, alamu. Amene anali pamzere ndi iye."

Chisangalalo chija chinasanduka mkwiyo nthawi yomweyo. "Tsitsa mbenderayo!" "Wagulidwa ndi a kwawo kwa bambo ake!" "Pita ukatunge madzi, iwe!" Chitsononkho cha chimanga chinauluka nkugwera pafupi ndi mapazi a mwanayo. Tiago anathamangira kumzere, maso ali psuu, nkuima pamaso pake penipeni, akukalipa, manja akuwaponya m'mwamba. Yolanda ankamulekeza pachifuwa. Sanabwerere m'mbuyo ngakhale phazi limodzi. Anangomuyang'ana m'maso, mkono uli chiimire, mphepo ikukupiza kansaluko.

A Vicente anali atayamba kale kutsika masitepe, magazi akuwira. Mkulu wa mpango uja ndiye anawatsekera njira, akukuwa kuposa onse. Anamugwira paphewa nkumutembenuza.

"Mukutukwana mwana wa yani, bambo inu?"

"Ndisiyeni!" anakuwa mkuluyo, malovu akuthovoka. "Ndi mayi ake enieni ameneyu! Mayi ake anatimana zigoli zaka zonsezi, ife eni ake a pano, osatikomera mtima ngakhale tsiku limodzi. Tinkati mwina mwanayu adzakhala ndi chisoni. Taonani! Tsiku lolira mayi ake lomwe, kutimana chigoli! Mtundu wanji wosamva uwu?"

Dzanja la a Vicente linatsika lokha. Anayang'ananso kumzere kuja. Anakumbukira chaka china ali ana, mbuzi zawo zitadya chimanga cha anansi. Bambo awo anakana kuti sizinali zawo, ana onse nkuvomereza. Palmira yekha, kamtsikana kosafika m'chiuno mwa munthu, anati, "Ndi zathu, ndinaziona." Anamukwapula madzulo ake, koma m'mawa atamufunsanso anabwereza zomwezo.

Chinthu china chinakwera kuchokera m'mimba mwawo, ndipo sanadziwe ngati ndi kulira kapena kuseka. Chinatuluka chili zonse ziwiri.

"Mtundu wathu umenewo!" anakuwa, akudziguguda pachifuwa. "Ndi mwana wa mlongo wanga ameneyo! Wa kwathu ku Chidzolomondo! Mukamufunse aliyense!"

Anthu oyandikana nawo anacheuka. Ena anaseka, ena anachita manyazi nkukhala pansi. Mkulu wa mpango uja anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkupukusa mutu.

"Ndiye ndinu achimwene awo a Profesora? Pepani ndi maliro, bambo. Anali munthu. Koma chigoli chija chinali chabwinobwino."

M'bwalomo woimbira anafika nkumuchotsa Tiago, kumuonetsa kartau, khadi, yachikasu. Apo m'pamene Yolanda anatsitsa mbendera, nkubwerera pamalo pake. Mpira unapitirira pang'ono, apitu yomaliza nkulira. Mapiri anagonja pakwawo.

A Vicente sanadikire kuti anthu achepe. Anatsika mpaka pakhomo la osewera, ndipo Yolanda akutuluka m'bwalo anamupeza nkuyenda pambali pake, chifuwa chili patsogolo, jekete lakuda lija litamasulidwa mabatani. Anthu ena ankang'ung'udzabe, koma ankapatuka. Atafika pakachitseko kaja anaima, nkumuyang'ana mwanayo.

"Unaona bwino?" anafunsa motsitsa.

"Ndinaona, atsibweni. Anatsogola ndi phewa ndi mwendo womwe."

"Unkaopa?"

"Kwambiri."

"Lowa ukavule. Ndili pompano."

A Nicolau anawapeza atatsamira khoma, akupukuta m'maso ndi chipewa. Anaima limodzi, akumva madzi akugwa m'zipinda za osewera.

"Alamu," anatero a Vicente pamapeto pake, "shapa ya mawa ndikwera ndekha."

A Nicolau anakweza mutu.

"Amalize shikola yake kuno. Koma ikatsekedwa azibwera kumudzi, adzagwire khasu m'munda wa mayi ake, anthu amuone kuti mwini wake alipo. Pakali pano ndiziulima ndine. Za kukusudzulani tidzakamba mwana akamaliza. Boma likafuna kukusamutsani, mudzayambe mwandiuza."

"Nanga amayi?"

"Ndikalankhula ndi Adelaide." Anapumira m'mwamba. "Akandikalipira, ndipo sakhala akulakwa. Fodya ndizisankha ndekha, iye aziona amayi. Mwina mwana wa achemwali ena azidzagona nawo. Sindikudziwa bwinobwino, alamu. Ndikaona konko."

A Nicolau anawagwira dzanja ndi manja awiri.

Potuluka pachipata, dzuwa linali litakhala pamwamba pa phiri, mphepo itayamba kuluma. Lole ya ku Tsangano inali itanyamuka ndi nyimbo zake. Koma pafupi ndi khoma panali gulu la anyamata ataima, zikwama zili kumsana. Anali osewera a Mapiri. Ankayang'ana pansi, wina akukanda dothi ndi nsapato. Tiago anali kumbuyo kwa onse. A Vicente anaima patsogolo pa Yolanda.

"Akufuna chiyani awa? Sizinathe?"

"Sakufuna ndewu," anatero a Nicolau. "Palmira anali ndi chizolowezi chake. Mpira ukatha kuno, timu imene yagonja inkabwera kunyumba kudzamwa tiyi, kaya ndi ya kuno kaya ndi ya alendo. Ankati opambana ali ndi owaperekeza ambiri. Ndiye anyamatawa sakudziwa ngati zimenezo zinapita naye, makamaka lero."

Yolanda anayang'ana atsibweni ake. A Nicolau nawonso anawayang'ana. A Vicente anazindikira kuti onse akudikira iwo.

"Nanga mwaimiranji pamphepo?" anatero mokweza. "Njira simukuidziwa?"

Ankaidziwa. Atafika kunyumba panalibe wowauza chochita. Awiri anatenga zidebe nkupita kumjigo. Wina anakatulutsa nkhuni kuseri kwa khitchini, wina anakoleza moto, wapagolo nkukhala pansi kusenda mbatata ndi mpeni umene anautenga pamwamba pa chitseko osafunsa. Mabenchi anatuluka. A Vicente anakhala pakhonde ndi alamu awo, akuonerera anyamata a eni ake akuyendayenda pakhomo la mlongo wawo ngati pakwawo. Pang'onopang'ono mawu anayamba kumveka, wina akunena mnzake kuti anaphonya chigoli cha mwana, wina nkuseka.

Tiago yekha sanalowe pakati. Anakhala pachitsa kufupi ndi mpanda, mutu uli pakati pa maondo.

Tiyi atapsa, Yolanda anatuluka atavala chitenje, kapu yoyamba ili m'manja, utsi ukufuka. A Vicente anakonza pokhala kuti alandire, poti mkulu pamenepo anali iwo. Koma mwanayo anawadutsa. Anadutsanso bambo ake, nkulunjika kumpanda. A Vicente anatsegula pakamwa kuti amukumbutse mwambo, koma a Nicolau anawagwira bondo.

"Musiyeni, alamu. Palmira ankayambira amene wamukalipira kwambiri."

Yolanda anaima patsogolo pa chitsa chija. Tiago anakweza mutu, nkuona kapuyo. Anadzuka msanga, napukuta manja ake pamalaya, nkulandira ndi manja awiri.